App yoyitanira galimoto ikamavuta muli paulendo: zoyang'ana ndi zokonza

Izi ndazilemba chifukwa ndatopa kuyankha funso limodzimodzi pakati pa usiku. Munthu watsika ndege kudziko la eni, chikwama chili m'manja, watsegula app yoyitanira galimoto ndiye yangoti zii, kapena ikungozungulira osasiya, kenako meseji kwa ine kuti "aise nditani apa". Ine ndimayendayenda pa nkhani za ntchito ndipo zambiri mwa izi zinandigwerapo ndekha, zina kangapo konse poti ndine wosamva. Chomwe ndaona n'choti timafulumira kunyoza dalaivala pomwe vuto lili m'thumba mwathu momwemu: simu, khadi la ku banki, kapena kadontho ka pamapu kaja kakuloza tsidya lina la msewu. Pezani chizindikiro chofanana ndi chanu pansipa. Zoyambitsa ndaziyika kuyambira chomwe chimachitikachitika mpaka cha apo ndi apo.

## Khodi yotsimikizira nambala siyikubwera

Mwadauniloda app, mwalemba nambala, akuti takutumizirani khodi pa SMS, inu dikire dikire palibe.

1. Simu yakwanu siyikulandira mameseji kunjako. Yang'anani pamwamba pa foni ngati pali dzina la netiweki iliyonse. Ngati palibe ndiye kuti roaming, ija imalola simu kugwira ntchito kunja kwa dziko lanu, siyinatsegulidwe, ndipo makampani ena a foni amafuna muyitsegulitse musanatuluke m'dziko. Dziwani kuti kulandira SMS ndi data roaming ndi zinthu ziwiri, data mutha kuyisiya yothima kuti isakudyereni ndalama, meseji ifikabe.
2. Mwachotsa simu yakwanu n'kuyika yomwe mwagula pa eyapoti, koma akaunti ikadali pa nambala yakale, ndiye khodi ikupita ku simu yomwe ili mu waleti. Ibwezeretseni kwa mphindi zochepa, landirani khodi, basi.
3. Mukugwiritsa ntchito eSIM ya apaulendo, simu ija yosagwirika yomwe mumangoidauniloda mu foni. Zambiri mwa izi ndi za data yokha, zilibe nambala yolandirira SMS, choncho lembetsani ndi nambala yakwanu.
4. Khodi ya dziko yalakwika, kapena mwasiya ziro wakumayambiriro kwa nambala. App imakonda kudzisankhira khodi ya dziko lomwe muli, osati lomwe simu yanu inachokera.
5. Mwadina "resend" kambirimbiri ndiye yakutsekerani kaye. Apa palibe nzeru ina, ikani foni pansi mudikire.

Ma app ena amapereka mwayi wolandira khodi pa WhatsApp kapena kukuyimbirani, onani tizilembo tating'ono pansi paja. Koma mankhwala enieni ndi kudauniloda ndi kulembetsa muli kunyumba, netiweki yanu ikugwira bwinobwino, ngakhale app imeneyo kwanuko kulibe. Ambiri amalola.

## App yatseguka koma pamapu palibe galimoto olo imodzi

1. App imeneyo siigwira ntchito m'dziko limenelo. Ichi ndiye chimagwira anthu ambiri chifukwa timaganiza kuti Uber ili paliponse. Ayi. Mu 2016 Uber inagulitsa bizinesi yake ya ku China kwa Didi, ndipo mu 2018 inasiyira Grab mayiko a kumwera chakum'mawa kwa Asia, ndiye mukafika ku Singapore, Bangkok, Kuala Lumpur kapena Manila muzifuna Grab, ku Jakarta kuli Grab ndi Gojek. Ku South Korea anthu ambiri ali pa Kakao T. Ku Dubai kuli Careem, yomwe Uber inagula koma app yake ikadali payokha. Bolt, ya ku Estonia ija yomwe inkatchedwa Taxify mpaka 2019, ndi yamphamvu m'mizinda yambiri ya ku Ulaya ndi mu Africa, Lyft ndi ya ku America ndi Canada, pomwe inDrive ndi ija mumatchula mtengo wanu dalaivala n'kuvomera kapena kunenerera. Funsani pa hotela kapena aliyense wakuderako kuti kuno mumayitana ndi chani, ndipo khalani ndi ma app awiri osati imodzi. Za ku China ndiwonjezere: zinthu za Google sizigwira kumeneko pa netiweki yawo, ndiye za kudauniloda mukafika iwalani, chitiranitu.
2. Intaneti yanu ndi yabodza. WiFi ya pa eyapoti imaonetsa kuti yalumikizika koma ikudikira muvomereze katsamba kawo kaye. Tsegulani tsamba lililonse muone ngati likutseguka. Komanso WiFi imeneyi imathera pachitseko, ndiye mumayitana galimoto muli mkati, mukangotuluka panja pomwe galimoto ikufikira zonse zaduka.
3. Location ndi yothima, kapena munakana app itapempha chilolezo. Lowani mu settings, pezani app ija, loleni location, ndipo ngati pali posankha sankhani yeniyeni osati yongoyerekeza.
4. Nthawi ndi yoyipa basi: mvula, usiku kwambiri, anthu akutuluka ku mpira kapena ndege zitatu zatera limodzi. Yesani mtundu wina wa galimoto mu app momwemo, pena yotchipa palibe koma yaikulu ilipo.
5. VPN, ija imaonetsa foni ngati ili dziko lina, ili yoyaka ndiye app yasokonezeka kuti muli kuti. Thimitsani.
6. App ndi yakale, ikufuna update.

Mwayesa zonsezi mphindi makumi awiri zapita ndipo kwada? Lekani kulimbana ndi foni. Pitani pa mzere wa ma taxi ovomerezeka a pa eyapoti, omwe ali ndi chikwangwani ndi munthu woyang'anira, kapena imbirani hotela akutumizireni galimoto. Zidula pang'ono inde.

## Khadi likukanidwa, kapena ndalama zaoneka ngati zadulidwa kawiri

1. Banki yanu yaona ndalama ikufuna kutuluka kudziko lachilendo ndiye yatseka poganiza kuti ndi akuba. Mu app ya banki onani ngati malipiro a pa intaneti ndi a kunja ali otsegula. Mabanki ena amafuna muwauziretu kuti mukuyenda.
2. Banki yatumiza OTP, khodi yotsimikizira malipiro, ku simu yakwanu ija, yomwe siyikulandira mameseji. Bwererani ku gawo loyamba, ndi vuto lomwelija langosintha malaya.
3. Ndalama zilimo koma sizikukwanira zomwe app ikufuna kugwirizira ulendo usanayambe, kapena mwafika malire a tsiku.
4. Muli ndi ngongole ya ulendo wakale womwe khadi linakana, kapena ya kukansela. App siyikulolani kuyitana mpaka mulipire. Imaoneka pa gawo la malipiro.
5. App ya dziko limenelo siyikonda makhadi akunja, kapena mtundu wa khadi lanulo. Yesani lina, kapena Google Pay ndi Apple Pay ngati zikuloledwa. Ndalama za pa foni zakwanu musaziwerengere, kunja nthawi zambiri sizigwira.
6. Khadi linatha nthawi inu osadziwa.

Za kudulidwa kawirizi ndifotokoze bwino chifukwa anthu amakwiya nazo pachabe. Mukangoyitana galimoto, app imauza banki kuti igwirizire kandalama, kuti itsimikize kuti khadi ndi lamoyo. Ulendo ukatha amadula mtengo weniweni, kogwirizira kaja n'kumasulidwa, koma banki imachedwa kukaonetsa, pena masiku angapo. Ndiye pa foni mumaona mizere iwiri mtima n'kuyamba kuthamanga. Onani ngati mzere umodzi walembedwa "pending". Ngati ndi choncho dikirani. Ngati yonse iwiri yadutsa ndipo sabata yatha, jambulani sikirinishoti, tumizani dandaulo mu app pa ulendo womwewo, akakana kapena kungokhala chete ndiye imbirani banki.

Kashi imapulumutsa komwe ikuloledwa, koma si mayiko onse, ndipo muyenera kusankha kashi musanayitane osati mutakwera. Khalaninso ndi ndalama zing'onozing'ono, nyimbo ya "ndilibe chenji" ili paliponse.

## App ikuti dalaivala wafika koma inu simukumuona

Apa ndipomwe pamayambira mikangano yambiri, ndipo kunena zoona kawirikawiri wolakwa ndi GPS, ija imauza foni pomwe ili, kapena ife okwera.

1. Kapini ka pamapu kosonyeza pomwe akutengereni kagwera pena. Foni imadziwa pomwe ili pomvera ma satellite, ndiye mukakhala mkati mwa nyumba, pansi pa denga la eyapoti kapena pakati pa nyumba zitalizitali, uthenga umagunda makoma n'kufika mokhota, kadontho ka buluu n'kudumphira msewu wakuseri. Inu munangodina "confirm" osayang'ana. Kukonza kwake: musanatsimikize, kulitsani mapu ndi zala, kokerani kapini pomwe mwaima, kapena bwino kwambiri lembani dzina la malo odziwika, hotela, sitolo yaikulu, geti lakuti. Dzina silidumpha ngati kadontho.
2. Muli malo amodzi koma wina ali pamwamba wina pansi. Mapu sadziwa zosanja. Ine zinandichitikira pa eyapoti ina, ndaima pamwamba pomwe amatsitsira onyamuka, dalaivala ali pansi penipeni pa mapazi anga, pamapu kagalimoto kake kali pamwamba pa kadontho kanga ngati ndamukhalira. Iye akulemba kuti ndafika, ine ndikulemba kuti nanenso ndafika, tonse tikunena zoona, mpaka anatopa n'kuchoka ine n'kudulidwa ndalama yodikira. Kuyambira pamenepo ndimalemba nambala ya chitseko kapena ya chipilala chomwe ndayandikana nacho, ndi kuti ndili m'mwamba kapena pansi.
3. Eyapoti ili ndi malo ake apadera a magalimoto a pa app, ndipo dalaivala saloledwa kuima pachitseko, akaima amulipiritsa chindapusa. Malowa pena ali kumalo oimika magalimoto, kuyenda mphindi zisanu kapena khumi ndi katundu. App imalemba njira yake mukangoyitana, werengani, komanso tsatirani zikwangwani. Ndiye musayitane muli pa lamba wa katundu, yitanani chikwama chili m'manja mwayamba kuyenda.
4. Muli mbali yolakwika ya msewu. Mukapita dziko lomwe magalimoto amayenda mbali yosiyana ndi yomwe munazolowera, mutu umakuuzani kuti galimoto ibwera uku pomwe ikubwera uko. Onani komwe kagalimoto ka pamapu kaloza. Msewu ukakhala waukulu wokhala ndi mpanda pakati, kutembenuka kumudyera dalaivala mphindi zambiri, bola inu muwoloke pamalo owolokera.
5. Akukuyimbirani koma sizikudutsa poti simu yomwe ili mu akaunti si yomwe ili mu foni. Gwiritsani ntchito chat ya mu app kapena kuyimba kwa mu app komwe kumadutsa pa data. Ngati simukumvana chilankhulo lembani ziganizo zifupizifupi, ma app ena amamasulira okha, ndipo chiganizo chachifupi chimamasuliridwa bwino kuposa ndime yodzaza mkwiyo.
6. Wadina kuti wafika asanafike, kuti nthawi yodikira iyambe kuwerengedwa. Zimachitika koma si kawirikawiri monga timanenera. Umboni wake: kagalimoto kali kutali pamapu pomwe app ikuti wafika. Jambulani sikirinishoti pomwepo yoonetsa nthawi, ndiyo ikubwezereni ndalama.

Kanthu kenanso, onani bwino komwe mukupita. Mahotela a dzina limodzi amakhala atatu anayi mumzinda umodzi, ndipo eyapoti yaikulu imakhala ndi ma terminal otalikirana moti kulakwitsa kumodzi ndege yakusiyani.

## Dalaivala akukansela, kapena akuti kanselani inuyo

1. Wafunsa komwe mukupita ndipo sakukufuna: ndi kutali abwerako wopanda munthu, kapena ndi kufupi kwambiri pomwe iye wadikira maola pa mzere wa pa eyapoti, kapena kuli jamu. Palibe chokonza, yitanani wina. Ngati atatu motsatizana akana, yendani pang'ono muchoke pamalo opanikizana, kapena yesani app inayo.
2. Sakufuna khadi, akufuna kashi m'manja chifukwa mafuta akufunika lero pomwe za pa khadi zimamufika mochedwa. Komwe kashi ndi yololedwa, kusintha njira yolipira mu app kumathetsa nkhani.
3. Katundu kapena anthu achuluka. Munayitana kagalimoto kakang'ono muli anayi ndi masutikesi asanu. Apa wolakwa ndinu, yitanani yaikulu. Chimodzimodzi mwana wamng'ono, mayiko ambiri lamulo limafuna mpando wa mwana ndipo dalaivala wopanda mpandowo ali ndi chifukwa chokanira.
4. Wangoima osasuntha, akudikira mutope mukansele nokha kuti mbiri yake isadetsedwe, mwinanso alandirepo ya kukansela. Lembani mu chat kuti "mukubwera?", dikirani pang'ono, jambulani mapu oonetsa kuti sakusuntha, kanselani posankha chifukwa choti dalaivala sakubwera. Akakudulani, dandaulo lotere limayankhidwa msanga ngati macheza ali mu app.
5. Nyenyezi zanu ndi zochepa. Inde nafenso amatipatsa mamalikisi, ndipo mumatha kuwaona pa akaunti. Kudikiritsa anthu ndi kumenyetsa zitseko ndi zomwe zimatsitsa.

Tsono pali ija yoti mwakwera kale, iye n'kunena mokoma kuti "kanselani mungondipatsa ine, ndikuchotserani". Ndimawamvetsa, kampani imadula gawo lake pa ulendo uliwonse ndipo galimoto imadya. Koma ine kudziko la eni sindivomera. Mukakansela, ulendowo kulibe: palibe akuona komwe muli, palibe lisiti, mtengo ukasintha pofika palibe kokadandaula, mukaiwala chikwama palibe njira yomupezera, ndipo pakachitika ngozi inshuwalansi yomwe imayendera ulendo wa mu app mwina siyikukhudzani. Kanani mwaulemu. Akaumirira tsikani pomwepo pali anthu, galimoto isanayende.

## Mtengo wakwera, kapena lisiti silikufanana ndi zomwe munaona

1. Ofuna galimoto achuluka kuposa magalimoto ndiye app yakweza yokha. Dikirani mphindi khumi muonenso, yerekezani ndi app ina, kapena chokani pakhomo la sitediyamu muyende misewu iwiri. Nthawi ngati imeneyi taxi ya mita imatha kutchipa.
2. Zowonjezera: zipata zolipira pamsewu, ndalama ya pa eyapoti, yodikira. Tsegulani lisiti muone mzere ndi mzere. Ngati chipata chili kale pa lisiti musalipirenso pamanja.
3. Munasintha kopita kapena munati tiime kaye pa sitolo. Mtengo woyamba uja umafa pomwepo, amawerengera mwatsopano.
4. Zomwe munaona unali mtengo wongoyerekeza. Mizinda ina app imangokuyitanirani taxi wamba ya mita, ndiye mita ndiyo ikulamula.
5. Banki yaikapo yake yosinthira ndalama. Yerekezani lisiti la app ndi la banki, kusiyana kwake kuli pamenepo. App ikakufunsani kuti muzilipira mu ndalama iti, nthawi zambiri ya dziko lomwe muli ndiyo yabwino.
6. Dalaivala sanatseke ulendo mutatsika, kagalimoto kanapitirira kuyenda pa bilu yanu. Mapu a pa lisiti amaonetsa poyera pomwe ulendo unathera. Ine ndimaonetsetsa kuti foni yanga yalemba kuti ulendo watha ndisanalowe m'nyumba.
7. Mwalipira kashi pomwe app inali pa khadi, ndiye mwalipira kawiri zenizeni. Iyi ndi yovuta kubweza poti kashi ilibe umboni. Musanatulutse waleti onani kaye foni.

Zonsezi musakangane nazo m'galimoto. Pa ma app ambiri dalaivala sapanga mtengo. Dandaulirani mu app pa ulendo womwewo, tsiku lomwelo, mwachidule, ndi zithunzi.

## Galimoto yabwera koma si yomwe ili pa app

Iyi si yokonza ayi. Musakwere.

Zoyambitsa zake zimatha kukhala zosalakwa, mwina ndi galimoto ya munthu wina yemwe wayitana pafupi nanu, mwina dalaivala wasintha galimoto osauza kampani. Koma pena ndi munthu wobwereka kapena wogula akaunti ya mnzake, kutanthauza kuti yemwe anafufuzidwa si ameneyu, ndipo pena ndi aja amazungulira pa eyapoti ndi pamalo achisangalalo, foni m'manja, kumatchula dzina la app kwa aliyense wooneka wotopa. Inu simungasiyanitse ndi maso, ndiye lamulo ndi limodzi:

- nambala ya galimoto ifanane yonse, osati manambala awiri omaliza okha
- mtundu ndi kaonekedwe ka galimoto zifanane
- nkhope ifanane ndi chithunzi
- mufunseni kuti mwabwerera ndani, atchule dzina lanu iyeyo, osati inu kumuuza

Uber ili ndi PIN ya manambala 4 yomwe mungayatse mu settings, ulendo suyamba mpaka dalaivala ailembe pa foni yake, ndipo ma app ena ali ndi zofanana. Muziyipereka mutaona nambala ya galimoto, osati pa foni iye asanafike. Nkhani ya "galimoto yanga ili ku garaja ndabwera ndi ya achimwene" ingakhale yoona, komabe kanselani, sankhani chifukwa choti galimoto siyikufanana, bwererani pomwe pali kuwala ndi anthu. Akayamba kukukakamizani kapena kugwira chikwama, itanani alonda a pamalopo kapena apolisi.

## Muli m'njira ndipo msewu sukufanana ndi wa pa foni yanu

1. Akuzemba jamu kapena msewu wotsekedwa. Ambiri amatsatira mapu ena monga Waze kapena Google Maps, osati a mu app.
2. Akupewa chipata cholipira, kapena akutenga msewu waukulu womwe ndi wautali koma wachangu.
3. Inu munalemba malo olakwika. Onani.
4. Akutalikitsa dala komwe mtengo umayendera mtunda. Funsani modekha kuti bwanji tadzera kuno, nthawi zambiri zimathera pomwepo, zikapitirira lisiti lidzaonetsa njira.
5. Zoopsa zenizeni. Ndi zosowa koma zizindikiro zake zidziweni: wathimitsa app kapena watseka ulendo muli pakati pa njira, waima kutenga munthu wina pomwe simunasankhe ulendo wogawana, akulowera kopanda anthu ndipo sakuyankha, akununkha mowa kapena akusinza.

Zikafika pa nambala 5 musamachite manyazi. Nenani kuti akutsitseni pa filing'i siteshoni, hotela kapena paliponse powala. Imbirani munthu mokweza, tchulani nambala ya galimoto ndi pomwe muli. Akakana kuima, batani la ngozi lili mu app, kapena imbani apolisi mwachindunji: 112 m'mayiko a European Union, 999 ku UK, 911 ku America ndi Canada, 10111 ku South Africa. Nambala ya dziko lomwe mukupita isungeniretu. Apolisi kaye, kampani pambuyo, chifukwa kampani ikuyankhani ndi meseji mawa. Chimodzimodzi pakachitika ngozi ya pamsewu, woyamba ndi ambulansi kapena chipatala ngakhale mukuona ngati simunavulale, jambulani malo ngati mungathe, kenako nenani mu app ndi kwa a inshuwalansi yanu ya paulendo.

Zozolowera zothandiza: khalani kumbuyo, mangani lamba, tumizani ulendo kwa munthu kudzera pa "share trip" kuti aziona mukuyenda.

Foni ikathima m'njira musade nkhawa, ulendo ukulembedwa pa foni ya dalaivala ndipo khadi lidulidwa bwinobwino. Vuto lili pobwerera. App ndi mapu zimamwa batire koopsa, ndiye pawabanki ikhale m'thumba osati mu sutikesi, ndipo adiresi ya komwe mukugona ikhalenso papepala, m'zilembo za kumeneko ngati amalemba mosiyana.

## Pa akaunti pakuoneka maulendo omwe simunayende

Choyamba ganizani ngati khadi lanu silili pa akaunti ya m'bale wanu kapena mnzanu yemwe munamulipirirapo tsiku lina, ichi ndiye chimachuluka. Chachiwiri, mwina ndi ya kukansela kapena tip yomwe yadutsa mochedwa. Ngati ndi maulendo a mzinda womwe simunapondeko, akaunti yabedwa, kawirikawiri chifukwa munapatsa munthu khodi ya SMS atakuyimbirani kuti ndi wa kampani. Kampani siipempha khodi imeneyo pa foni. Apa musayese kufufuza nokha: imbirani banki atseke khadi, sinthani pasiwedi ya app ndi ya imelo, nenani ku kampani.

## Mwatsika, galimoto yapita, katundu watsala

Liwiro ndiye nkhani, wokwera wotsatira asanakhale pa mpando womwewo. Lowani pa mndandanda wa maulendo, sankhani ulendowo, pali posankha za katundu wotayika, app ikulumikizani ndi dalaivala. Akapanda kuyankha musaganize zoyipa msanga, munthu akuyendetsa, yesaninso pakapita kanthawi. Ma app ena amadula ndalama yobwezera katundu, ndipo ngakhale asadule, munthu wawotcha mafuta kubwerera kwa inu, muthokozeni ndi kenakake. Kumanani poyera, pa risepushoni ya hotela ndi pabwino.

Ikakhala foni ndiyo yatsala zimavuta kawiri, poti app ili momwemo ndipo khodi yolowera pa foni ya wina ikupita ku foni yomweyo. Yambani ndi kuyiyimbira pa foni ya munthu, mwina dalaivala ayankha. Kenako tsegulani tsamba losakira foni yotayika, Find My ya iPhone kapena Find Hub ya Android (inkatchedwa Find My Device), pa kompyuta ya pa hotela, muione pomwe ili, muitseke, mulembe nambala yoti akuyimbireni pa sikirini. Makampani akuluakulu alinso ndi tsamba lothandizira pa intaneti lomwe mnzanu angatsegule m'malo mwanu. Mukaiona pamapu ili m'nyumba ya munthu ndipo sakuyankha, musapiteko nokha, pitani ndi apolisi.

Pasipoti ndi nkhani ina. Yesani dalaivala maola ochepa, osapitirira tsiku, kenako lipoti la apolisi ndi ofesi ya kazembe wa dziko lanu, chifukwa chikalata chobwererera kwanu chimatha kutenga masiku kuti chituluke ndipo ofesi zimenezi Loweruka ndi Lamlungu zimakhala zotseka. Pitani ndi lisiti la ulendo uja, pali nambala ya galimoto kapena dzina la dalaivala ndi nthawi yomwe munatsika, ndi zomwe wapolisi ayambe kufunsa.